Yaulesi Ija Ndiyo Inakufikitsani Kwanu

Achimwene, lero abweranso anyamata ogula zitsulo zakale, akufuna galimoto yanu ija. Ndatopa nako kuwabweza. Ikadali pansi pa mtengo wa mango pomwe munaisiya, matayala anaphwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Atachoka ndakumbuka tsiku lija pamlatho wa Chia, mukukangana ndi mnzanu Che Yusufu. Inu mumati yanu yapetulo ya masilinda eyiti ikabangula ngakhale ng'ombe zimapatuka. Iwo amati yawo yadizilo ndi yaulesi, inde, koma siigona panjira. Munathamangitsana mpaka ku Boma, ine ndili kumbuyo m'galimoto yanuyo nditakumbatira dengu la chambo. Munawasiya kutali, n'kumaseka: "Bola kuyenda wapansi kusiyana n'kukwera chiphakasa chimenecho!"

Tsiku lokatenga thupi lanu kuchipatala, yanuyo inakana kulira. Tinakankha mpaka mawondo kuwawa, osatheka. Anabwera Che Yusufu ndi yadizilo yawo ija, osaitanidwa, n'kukunyamulani. Titafika pamlatho paja anachepetsa liwiro, n'kucheukira kumbuyo komwe munagona: "Pepani anzanga, lero mukwera yaulesi yomweyi."