Njere Zofiira ndi Nkhuku za Amayi

Kachidutswa ka patapata kaja kanali kobiriwira, kakang'ono ngati chala, ndipo ndinkakasunga m'thumba la yunifolomu. Ndi kamene tinkafufutira pensulo ife amene tinalibe labala ya kugolosale. Kankafufuta ndithu, koma kankasiya banga lakuda papepala, moti aliyense ankadziwa pamene munthu wasintha maganizo. Chaka chimenecho ndinali Sitandade 8 pasukulu ya kwathu cha ku Kaduya, ndipo chimene ndinkachiopa kuposa ndodo chinali kukhumudwitsa aphunzitsi a sayansi.

Lachitatu lililonse tikaweruka, aphunzitsiwo ankatsalira ndi ife ochepa pansi pa mtengo wa mango n'kumatiuza zinthu zosabwera pamayeso. Mwezi wa Juni, nkhungu yozizira ya chiperoni ikutsika m'phiri, anatiuza za mzungu wina wakale amene anayenda zaka zisanu pasitima ya pamadzi akutola zigoba, mafupa ndi mbalame. Atabwerera kwawo anaganiza kuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono pa mibadwo yambirimbiri: zoyenerana ndi malo ake zimapulumuka n'kubereka, zinazo zimatha. Koma anakhala zaka zoposa makumi awiri osalengeza, akuweta nkhunda, akufunsa alimi, akufunafuna chimene chingagwetse ganizo lakelo. Akapeza chinthu chomutsutsa ankachilemba nthawi yomweyo, chifukwa zotitsutsa ndi zimene timaiwala msanga. Ine ndinakopera mawu amenewa mwaukhondo m'kope n'kulemba mzere kunsi kwake. Kumva sindinawamve.

Kenako anatipatsa ntchito. Aliyense analandira njere makumi asanu za chimanga choyera ndi makumi asanu za chimanga cha makolo chofiira. Tikaziwaze pabwalo la dothi lofiira, tikasiye nkhuku zitole kwa kanthawi, kenako tikazipirikitse n'kuwerenga zotsala. "Ine ndikuganiza kuti zofiira zidzatsala zambiri, chifukwa zibisala m'dothi," anatero. "Koma mukalembe zimene mwaona."

Ndinasesa bwalo kawiri. Ndinawaza njere zija, amayi akuyang'ana ali pakhonde, akudandaula m'Chilomwe kuti sukulu ya masiku ano yayamba kudyetsa nkhuku. Nkhuku zathu zinathamangira, ndipo ndinaona ndi maso angawa zikudumpha njere zoyera n'kumajompha zofiira. Nditawerenga, zofiira zinatsala zisanu ndi zinayi zokha, zoyera makumi atatu ndi imodzi. Ndinalemba momwemo. Ndinaliyang'ana pepala lija nthawi yaitali. Aphunzitsi sakanalakwa, wolakwa ndinali ine, kapena nkhuku zathu zosaphunzira. Ndinatulutsa kapatapata kaja, ndinafufuta, n'kusinthanitsa manambala aja.

Lero ndikaganiza, sindinganene kuti ndinkafuna kunama. Ndinkafuna kuti asekerere akaona dzina langa, basi. Koma kope silidziwa zimene munthu ankafuna.

Lachitatu lotsatira anzanga onse anabwera ndi zofiira zotsala zambiri. Aphunzitsi atafika pa kope langa anaima. Analipendeketsa cha kudzuwa, chala chawo chili pa mabanga awiri akuda aja. Anangoti, "Loweruka ndibwera kwanu, tikayesenso limodzi ndi nkhuku zanuzo."

Masiku atatu amenewo sindidzawaiwala. Potunga madzi pamjigo ndinkasefukiritsa ndowa osazindikira. Ndinapemphera kuti njinga yawo iphulike tayala, kenako ndinapemphera kuti ndikhululukidwe pempherolo. Lachisanu ndinayesa kuphunzitsa nkhuku: ndinaika njere zoyera zokha m'chigoba n'kumaziitana mwaulemu. Zinadya, n'kupita.

Panalinso amalume, achimwene awo a amayi, mkulu wa mpingo, amene ankatiyang'anira chimwalirireni abambo. Iwo anali atamva ku Migowi kuti pasukulu pathu pali mphunzitsi wonena kuti anthufe ndi ana a anyani. Atamva kuti akubwera, anavala jekete lawo la kutchalitchi m'mawa wa Loweruka n'kukhala pampando pansi pa mpapaya, chipewa pabondo. Ndinaona kuti bodza langa lidzaululika pamaso pa anthu awiri amene ndinkawaopa kwambiri padziko.

Aphunzitsi anafika dzuwa litakwera, fumbi lili mbuu m'mathalauza. Moni atatha, amalume sanazengereze.

"Ndiye inuyo aphunzitsi a anyani aja? Agogo anu anali ndi mchira wautali bwanji?"

"Sindinawapeze, bambo, mwina inu munawaona," anayankha aphunzitsi akuseka. "Koma sindinanene kuti nyani anabala munthu. Akuti ndife apachibale a kalekale, ngati mmene mulili ndi anthu a ku Mozambique amene simunawaonepo. Lero sindinabwerere zimenezo. Ndabwera kudzafunsa nkhuku."

Amalume anangoti "Ehe," koma anasendeza mpando pafupi.

Ndinawaza njere. Sindinayang'ane nkhuku, ndinkayang'ana zala za kumapazi kwanga, ndikumva kujompha kokha, tho tho tho, pa dothi louma. Aphunzitsi anagwada okha n'kuwerenga, amalume akuwerenga nawo mokweza kuti asaberedwe. Zofiira zinatsala zochepa. Zoyera zinali mbwee pabwalo ponse.

Aphunzitsi anatenga kope langa, anayang'ana mabanga aja, n'kundiyang'ana ine. "Pansi pa mdimawu panali chiyani?" anafunsa motsitsa mawu. Ndinawauza manambala enieni, mawu akutuluka ngati a kamwana. Ndinadikira kuti andikalipire. M'malo mwake anawomba m'manja n'kutembenukira kwa amayi nkhope ili ngwee, kuwafunsa chimene nkhuku zawo zimadya.

"Mapira ofiira, nanga n'chiyani?" anatero amayi. "Kuyambira zili anapiye. Choyeracho sizichidziwa, ndani angazipatse chimanga chabwino?" Ataona kuti aphunzitsi akulemba, anapitiriza okha. "Ndipo muone, mulibe nkhuku yoyera muno. Ndinali nazo kale. Anapiye oyera kabawi amawaona ali kumwamba, satha sabata. Zatsala zamawangamawanga zokhazi, ndipo zimaswa zinzake zamawanga."

Amalume anavomereza ndi mutu. Zimenezo anati aliyense woweta amazidziwa, sizifuna sukulu. Aphunzitsi anati n'zoona, ndipo mzungu wa sitima uja anaphunziranso kwa anthu ngati amayi. Za mapirazo anati n'kutheka, koma nalonso ndi ganizo chabe: tiyeserenso ndi nkhuku zimene sizinalawepo mapira, tione ngati liime kapena ligwe. Amalume anapereka zawo, akuti pofuna kuonetsa kuti nkhuku za mkulu wa mpingo sizinyengeka. Za anyani sanagwirizane tsiku limenelo, ndipo ndikukhulupirira kuti sanagwirizanepo mpaka lero.

Ponyamuka, aphunzitsi anatambasula dzanja. "Ndipatse chofufutira chako." Ndinawapatsa kapatapata kaja, anakaika m'thumba la malaya. "Ukalakwitsa, uzingodula mzere umodzi, zakalezo zizionekabe."

Lachitatu aphunzitsi analemba manambala anga enieni pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu, dzina langa pambali, n'kuuza onse kuti nkhuku za kwathu zawatsutsa. Anafunsanso ngati panalibe wina amene anakonza zake. Manja awiri anakwera pang'onopang'ono. Ine ndinakhala chowerama, ndikudziwa mumtima kuti chimenechi ndi chilango changa, kuti andiika pabolodi kuti sukulu yonse ione mtsikana wa nkhuku zolakwa. Ndinalira njira yonse yobwerera, kudutsa m'minda ya nandolo, ndikudzifunsa kuti ndichite chiyani kuti andikondenso. Sindinkatha kumvetsa kuti munthu wamkulu, wophunzira, angapalase njinga mtunda wonse uja pofuna kukagonja kwa nkhuku za amayi, n'kubwerera kwawo akuimba mluzu.