Nyambo ya nthenga m'katoni

Ine ndimamanga nyambo za nthenga, ndipo kuchokela kuno ku Mwape mpaka pa Nyimba palibe amene angandiphunzitse. Sukulu ndinangoinunkhiza, koma mbedza, ulusi ndi nthenga zimandimvela. Luso limeneli ndinalitola ndili mnyamata, ndikupalasa bwato la alendo obwela kudzawedza mcheni mu Luangwa. Iwo safuna nyongolotsi. Amafuna kambedza kovekedwa nthenga, koti kakagwa m'madzi kazioneka ngati kansomba kothawa. Mpaka lelo a m'makampu a kumtsinje amatuma munthu kudzatenga kwa ine.

Koma nthenga sindinkasankha ndine. Imeneyo inali ntchito ya amake ana, mkazi wanga. Nyambo yabwino imafuna nthenga ziwili zofanana, ina ya mbali yamanja ya nkhanga, ina ya kumanzele, kuti zikakumana pa mbedza zifungatilane. Mukalakwitsa, nyambo imazungulila m'madzi ngati woledzela, nsomba n'kumangoidutsa. Iwo ankakhala pamphasa pakhonde, lichelo pamiyendo, kuphatikiza nthenga ziwiliziwili n'kumandipatsila. Ine kumanga, kwinaku ndikulankhula. Mau anga ndi aakulu. Amai a pachitsime amadziwa za kwathu osabwela kudzafunsa.

Maso a amake ana atayamba kuchita chifunga tinapita kuchipatala. Anatiuza kuti si ng'ala yoti angachotse, tingozolowela. Chinthu chachikulu ndi chowala, akachiyandikiza, ankachiona. Timadontho ta nthenga ya nkhanga ayi. Anayamba kusankha ndi zala zokha, kupapasa msana wa nthenga, kuipinda pang'ono, kuiyeza ndi inzake. Ndipo ankatha ndithu. Ine ndikalandila ndinkafuula kuti, "Eya! Izi ndiye nthenga!"

Tsiku lina, chimanga titakolola kale, anandipatsa ziwili zosagwilizana n'komwe, ina ya bakha, ina ya nkhuku yotola pabwalo. Ndinafuula monga mwa masiku onse. Kenako ndinazilowetsa pansi pa ntchafu. Nanga ndikanatani?

"Atate ake," anatelo, "zimenezo ndakupatsani dala."

Ndisanayankhe, anapitiliza.

"Ndiye kuti zonse zija mwakhala mukutama, mumangondinyengelela ngati mwana. Nthenga zanga mumakataya kuseli."

"Sinditaya! Zanu zonse zili pa mbedza! Funsani aliyense!"

"Ndifunse ndani? Mudzi wonse umaopa pakamwa panu."

Anaimilila, n'kukapachika lichelo kudenga okha, mopapasa. Kuyambila pamenepo ankangokhala pakhonde manja ali pamiyendo. Ndinkalumbila, ndinkaitana odutsa m'njila kuti achitile umboni, koma ndikakweza mau amake ana ankatembenukila kukhoma. Chimene chinkandiopsa si nyambo ayi. Ndaona anzathu okalamba akangoti "ndilibenso ntchito", sachedwa kugona pamphasa osafunanso kudzuka. Ndipo amake ana anali atayamba kusiya chakudya m'mbale.

Mwana wathu wachisamba amasoka zovala ku Petauke. Atabwela kudzationa, anatulutsa foni kuti aonetse amake chithunzi cha mdzukulu. Anachitambasula ndi zala ziwili mpaka nkhope inadzaza galasi lonse. Amake anaiyandikiza pamphuno, n'kuti, "Aa, wagweluka mano uyu!"

Ine ndinadzambatuka. "Iwe, kanthu kako kameneka kangakulitse nyambo chonchi?"

"Kangathe, atate."

"Musandivutitse," anatelo amake. Koma patapita kanthawi anati, "Ngati n'telo, bweletsani chitini chonse cha nyambo ndisankhe ndekha. Mukasankha inu mutenga yakale, ya nthawi imene ndinkaona."

Ndinawapatsa chitini. Anapapasa imodzi imodzi, mosamala kuopa mbedza, mpaka anaima pa ina. "Iyi ndi ya masiku omaliza aja. Ndaizindikila pomwe ndinasadzula ndi chikhadabo. Ijambulidwe ine ndili pompano."

Ine ndinalamula kuti tijambulile pabwalo, dzuwa lili paliwombo. Chinthu choti chioneke chimafuna dzuwa, ndani sadziwa zimenezo? Ndinabaya mbedza pa kaphesi ka chimanga, kaphesi n'kukazika mumchenga. Chithunzi chinatuluka mbedza ikuthwanima ngati mphenzi, nthenga zili mbuu, pansi pake chimthunzi chakuda bii, chachikulu kuposa nyambo. Ndinati foni ndi yabodza. Tinalowa m'nyumba, mwana n'kuyatsa kagetsi ka foni kong'anima kaja. Zinaipilatu. Nyambo inatuluka ngati yagwela m'phulusa. Ndinabweletsa nyale ya sola, iyo n'kusandutsa ulusi wanga wofiila kukhala ngati chiwindi cha dzulo.

"Zatheka?" anafunsa amake ali pakhonde.

"Zatsala pang'ono!"

"Mwayambanso," anatelo.

Mwana anaika foni pansi. "Atate, ine madilesi sindijambulila padzuwa. Amafuna kuwala kofewa. Ndiye kanthu kakang'ono chonchi tikamangile kanyumba kake."

Anatenga katoni imene anabweletsela sopo ndi shuga, n'kuigoneka chammbali pampando, kumapeto kwa khonde kumene dzuwa linali litayamba kulowa chopendeka. Ndi mpeni wanga anaboola zenela mbali yoyang'ana dzuwa. Kumbuyo kwa nyambo tinayamba tapachika chitenje, koma maluwa ake anameza nthenga zonse. Tinachichotsa n'kuimika chivundikilo cha ndowa, chabuluu, chopanda cholemba chilichonse. Kaphesi kaja tinakazika m'kapu ya mchenga pakati pa katoni.

Chinatsala ndi nsalu yotchinga pazenela, yoyela ndi yopyapyala, yoti isefe dzuwa monga sefa isefela ufa. Thumba la ufa linali lokhuthala, komanso lolembalemba. Shati yanga yoyela inali itasiya kale kuyela. Tinazungulila nyumba yonse, ine ndikukalipila chilichonse chimene ndapeza.

"M'sutikesi, pansi pa bulangeti," anatelo amake, osatembenuka n'komwe. "Muli duku langa loyela la kutchalitchi."

Duku limenelo ngakhale ine sindiligwila. Mwana anayamba wasamba m'manja, n'kulipana pazenela ndi mapegi a zovala.

"Musalidetse," anatelo amake. Koma anali atasendeza mphasa kufupi.

Ndinasuzumila m'katoni. Anthuni, ndamanga nyambo moyo wanga wonse, koma sindinaionepo itakhala chomwecho. Kuwala kunali phee, ngati kwa m'mawa mvula itagwa usiku. Kadontho kalikonse ka nkhanga kanaima pakokha. Mbali imodzi yokha, yotalikila zenela, ndiyo inali yodelako. Mwana anandipatsa mbale yoyela yachitsulo. "Gwilani apa, atate, ibweze kuwala. Pendeketsani pang'ono. Basi, pomwepo." Foni anaitsamiza pa njelwa ziwili kuti dzanja lisaigwedeze.

Anajambula, n'kupukusa mutu. Anajambulanso. Nthenga zinkatuluka zosokonekela ngati utsi.

"Sendeza njelwa! Ukuchita mantha ndi chiyani? Yandikila!"

"Atate, mukulankhula."

"Ndikukuuza mochitila!"

"Mpweya wanu ukugwedeza nthenga. Nkhope yanu ili pakhomo pa katoni. Tsekani pakamwa, ndipo musapume mpaka ndinene."

Kumbuyo kwanga ndinamva chinthu chimene ndinali nditachisowa kuyambila tsiku la nthenga ya bakha lija. Amake ana ankaseka.

"Mwananga, ukawatseketsa pakamwa atate ako, ujambule iwowo, nyambo uisiye. Anthu sadzakhulupilila."

Ndinafuna kuyankha, yankho ndinali nalo lokonzeka. Koma ndinaona nthenga zikunjenjemela ndi mpweya umene ndinakoka, ndipo ndinalimeza. Ndinagwila mbale ndi manja awili. Nthenga zinayamba kudekha, kenako zinaima. Ndinamva njiwa kumtengo wa mango, ndinamva amake akupuma pafupi ndi bondo langa. Chifuwa chinayamba kutentha.

"Pumani, atate."

Mwana anagwada pamphasa, n'kutambasula chithunzi mpaka nyambo inakula ngati chikhatho. Amake anatenga foni ndi manja awili, kuiyandikiza ku diso lamanzele limene limaonako bwino, kuisuntha pang'onopang'ono kuyambila kumchila. Ine ndinali ndikadagwila mbale. Palibe anandiuza kuti ndiitule, ndipo pakamwa sindinatsegule.

"Madontho akumana," anatelo motsitsa. "Awa ndi awa. Nkhanga imodzi, mbali zonse ziwili." Anapukuta diso ndi nsonga ya chitenje n'kuyang'ananso. "Ndinaphatikiza bwino."

Anasunthila kumutu kwa nyambo, pomwe ulusi umamangidwa, ndipo anakhwinyata nkhope.

"Nanga mutu uwu anamanga ndani?"

"Ndine."

"Ulusi wakwelana chonchi ngati mtolo wa nkhuni womanga mwana? Kale simunkamanga motele, atate ake."

Ndinatenga foni kuti nditsutse. Unalidi utakwelana, ndipo kansonga kena kanatulukila pambali. Ndi maso anga sindinkakaona.

"Mcheni suyang'ana mutu," ndinatelo.

"Ndiye kuti enanso m'nyumba muno maso akutha, koma phokoso lokha." Anandigwila pamkono, n'kusiya dzanja lao pomwepo. "Tsitsani lichelo. Mwana asanabwelele mumange ina, tiiike m'katonimo ndione ngati mwamva."

Ndinalitsitsa, n'kupukuta fumbi. Anapapasa, anapinda, anayeza, n'kundipatsa ziwili. Ndinaziyang'anitsitsa pa kuwala kwa duku lija.

"Yakumanzeleyi yafupika," ndinatelo.

Anaitenganso, kuiyeza ndi chala, n'kuiponya pambali. "Yafupikadi," anatelo, ndipo anapisanso dzanja m'lichelo.