Makaniko Amene Anadula Masipuling'i

Nkhaniyi anandiuza ndi a Aleck, omata matayala panjira yolowera ku Guilleme, tsiku lomwe minibasi yathu inaphulitsa tayala. Ine ndayenda kwambiri, ndipo nkhani za anthu ndimatola ngati mtedza wotsalira m'munda. Iyi ndasungira inu amene mukubisala chifukwa cha manyazi.

Loweruka lina masana, galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, zija zothamanga, inakwera hampu pafupi ndi msika wa pa Boma la Mchinji n'kukanirira pomwepo. Bampala inang'ambika, pansi pa injini panabooka, oyilo wakuda n'kuyenderera pamsewu. M'katimo munali akwati, Lloyd ndi Stelia, akuchokera kutchalitchi. Stelia potsika anaponda oyiloyo, diresi loyera lija m'munsi monse bii! Kuholo anakafika pa kabaza.

Makaniko wina, Enoki, anali m'gulu la oonerera. Ndiye amene anatsitsa kutsogolo kwa galimotoyo dzana lake.

Lloyd anali atabwera pagalaja ya Enoki ya pansi pa mtengo ndi chithunzi pafoni. "Amakaniko, ndikufuna mphuno igwade chonchi, ngati za ku Lilongwe. Mungathe?"

Enoki anali asanagwirepo galimoto yotere. Koma anzake anali pomwepo akumvetsera, ndiye mawu oti "sindidziwa" anamukanika. "Zazing'ono izo, bwana," anatero. Anazula masipuling'i akutsogolo n'kuwadula ndi galayinda, osayeza n'komwe, kungoyang'ana ndi maso.

Kuyambira Lolemba, pagalaja sipanaimenso galimoto. Akabaza akamadutsa ankaliza belu. "Amakaniko! Tatitsitsireniko njingayi, tikufuna ikwawe!" Patatha milungu iwiri, Enoki anamanga masipanala m'thumba n'kubwerera kwawo ku Kapondo. Kumunda ankalawirira anthu asanadzuke, kutchalitchi anasiya kupita.

Mkazi wake, Luwiza, anapirira mpaka nthawi yokumba mtedza. Kenako anamuuza ali kumundako.

"Bambo a Yankho, munadula chitsulo, simunaphe munthu. Chikukupwetekani n'chiyani?"

"Ndinanama, mayi. Ndinati ndimatha."

"Ndiye pitani mukathe. Ine kugona ndi munthu wousa moyo ngati ng'ombe ndatopa nako."

Enoki anaoloka malire kupita ku Chipata, n'kukapempha malo pagalaja ya mdala wina wodziwa galimoto zothamanga. Bambo wa ana atatu, miyezi isanu ndi itatu akutsuka zitsulo m'beseni. Kumeneko anaphunzira kuti sipuling'i sidulidwa. Pali ena opangidwira ntchitoyo, okhala ndi mphete yopotokola pang'onopang'ono. Umayeza ndi tepi kuchokera pakati pa tayala kufika m'mphepete mwa bodi, uku ndi uku, woyendetsa atakhalamo, kenako n'kuwongolanso matayala.

Atabwerako anapita molunjika kwa Lloyd. Galimoto ija inali pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira pansi pake. Ulendo woyamba Lloyd anamutsekera geti. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu amene anatuluka anali Stelia, manja ali m'chiuno.

"Ndinu munandikweza kabaza pa ukwati wanga?"

"Ndine, mayi. Ndinanama kuti ndimadziwa." Enoki anayang'ana pansi. "Ndiloleni ndikonze chomwe ndinaononga."

Stelia anatsegula geti.

Ntchito inatenga masiku naini. Pomaliza Lloyd anakhala pampando wa dalaivala, Enoki akupotokola mphete n'kumayeza. Atatsitsa zala ziwiri, anaika sipanala pansi.

"Onjezerani, mphuno sinagwade," anatero Lloyd.

Anthu oyandikana nawo anali atadzadza pampanda, ena akuseka kale. Enoki anapukusa mutu.

"Ayi, bwana. Misewu yathu ndaiyeza. Zala ziwiri basi. Mukafuna kupitirira apa, kapezeni wina."

Lloyd anati, "Mukanandiuza chonchi chaka chatha, bwenzi apongozi anga akundilankhulabe. Mangani."

Lero, akutero a Aleck, Enoki ali ndi galaja ya malata, ndipo eni galimoto amachokera ku Lilongwe kudzamufuna.

Inu amene munalakwa pamaso pa anthu, musadzikwirire muli moyo. Vomerani, kaphunzireni, mubwerere pomwe munagwera paja. Musataye mtima.

Komabe ndinene chilungamo. Zoti anthu a ku Lilongwe amasiya magalaja onse aja kudzafuna makaniko ku Mchinji, ine ndikukayika. Ndipo tayala lathu litatha kumatidwa m'pamene ndinamva kuti a Aleck ndi mlamu wake wa Enoki.