Nyimbo imene bambo ankati anapeka okha

Bambo anga anali munthu wa mluzu. Akamasita malaya, akamapopa njinga, ngakhale akangomaliza kutikalipira, pakamwa pawo pankatuluka kanyimbo kamodzimodzi kopanda mawu. Ankati anakapeka okha ali mnyamata, pofunsira amayi. Ife ana tinakula tikudziwa choncho, ndipo tinkanyadira nazo kusukulu.

Bambo atamwalira ndinaitanitsa amayi kuti adzakhale nane miyezi ingapo ku Syokimau, kufupi ndi bwalo la ndege la Nairobi. Sanakukonde. Ndege zinkawasokosa, chakudya ankangochitola, tsiku lonse ali pakhonde kuyang'ana mpanda. Mnzanga wa kuntchito anandiuza za malo ena ku Ngong komwe amaimba jazi Lamlungu masana pansi pa mitengo. Ndinati bola akapitidweko mphepo, ndiye titaweruka kutchalitchi tinakwera minibasi, imene kumeneko amati matatu.

Nyimbo ziwiri zoyamba amayi ankasinza. Yachitatu itangoyamba, ine ndinaizindikira. Inali ya bambo. Ng'oma zinkaithamangitsa, woliza sakisofoni ankaipotoza uku ndi uku mpaka kusowa, kenako n'kutulukiranso, koma inali yomweyo basi.

Atamaliza, mkulu wa sakisofoniyo, munthu wa imvi zake, anafotokoza m'Chingerezi. Anati ndi nyimbo yachikondi ya ku America, ya nthawi ya magalamafoni. Poyamba inali ndi mawu, ndipo anthu ankaivina atagwirana m'maholo. Itatha fasho oimba jazi anaitola, anasiya mawuwo n'kusunga kamvekedwe kake, ndipo mpaka lero aliyense amaiimba m'njira yakeyake.

Amayi anandikodola. "Akuti chiyani?"

Ine ndimadyera kumasulira, ndiyo ntchito imene inandibweretsa ku Nairobi, koma apo sindinafune kumasulira. Munthu wangoika mwamuna wake m'manda, ine ndimulandenso nyimbo?

"Akuti ndi nyimbo yokoma," ndinatero.

"Mawu onse aja?"

Anadzuka, anamanga bwino chitenje, n'kulunjika kutsogolo. Manyazi anandigwira, chifukwa anthu akumeneko amamvera jazi ali phee pamipando, palibe woyendayenda. Amayi anakaima pamaso pa mkulu uja n'kunena Chiswahili chokhacho chimene anatola m'matatu: "Pole pole," kutanthauza pang'onopang'ono. Kenako anaimba mluzu. Kwathu mkazi saimba mluzu, ineyo ndinalawapo mkwapulo wawo chifukwa cha zomwezo. Koma anaimba, pang'onopang'ono, mpweya ukuwathera m'njira, ndendende mmene ankaimbira bambo.

Mkuluyo anatchera khutu, anagwedeza mutu, n'kukweza sakisofoni yake. Anawatsatira pambuyo mofatsa, osawapitirira, osawonjezera kalikonse. Wa ng'oma anaika timitengo take pansi. Ine ndinalira, sindibisa, ndipo sindinasamale kuti anthu akundiona.

Pobwerera m'matatu chinthucho chinandikanika kusunga.

"Amayi, ndinakunamizani. Anati nyimbo ija ndi ya ku America. Bambo sanaipeke."

"Ukuuza ine?" Anaseka, kuseka kwawo koyamba chimwalirire bambo. "Ndinaimva pa wailesi ya aneba ndili ndi pakati pa iweyo. Ndinachita kukhala pansi ndi mtsuko kumutu. Bambo ako anaitola kuhotela ku Limbe komwe ankaperekera zakudya, akuluakulu amenewo."

"Ndiye munawafunsa?"

"Ndiwafunse kuti zitani? Munthu anabwera kwathu wopanda jekete, nsapato zobwereka kwa mnzake. Anzake ankabweretsera atsikana sopo ndi mipango, iwo anabweretsa kanyimbo. Ndikanawalanda akanatsala ndi chiyani?"

Kondakitala anamenya chitseko, matatu inaima, anthu anatsika, ena anakwera. Amayi anandigwira bondo.

"Zaka makumi anayi ndawasungira, mwanawe. Apita osadziwa kuti ndikudziwa."