Theka la Dikishonale ya Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mwana wamakani osati masewera, chaka chimene banja la makolo anga linatha. Atate anali mkamwini kwathu ku Mkanda. Kwawo kunali kutsidya kwa malire, ku Zambia. Chuma chawo chinali njinga, bulangete ndi dikishonale yopanda chikuto, yonunkha fodya chifukwa inkakhalira m'chigafa. Tikamasoka fodya ankandipatsa liwu limodzi la Chingerezi patsiku kuti ndikalisake ndekha m'bukumo.

Liwu lomaliza linali "rend". Ndisanalisake, amalume anaitanitsa ankhoswe, ndipo nkhani inatha mwachikamwini: mwamuna anyamule zomwe anabwera nazo, ana ndi akuchikazi.

M'mawa mwake, atate akumanga katundu panjinga, ndinatsomphola dikishonale ija. Nzeru zanga zinali zakuti buku likatsala, mwini wake sapita patali. Iwo anagwira mbali ina, ine ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse. Buku linangoti kwee pamsana, ulusi uli lendelende.

Ndinadikira mbama. Koma atate anagwada n'kuyang'ana zidutswa ziwirizo.

"Walipeza liwu lija, mwanawe," anatero. "Rend si kung'amba pepala lopichirira fodya ayi. Ndi kung'amba mwamphamvu chinthu chimene chinasokedwa kuti chikhale chimodzi. Eni ake salitchula wamba. Amalisungira chovala cha munthu wolira, kapena mtima."

Anandisiyira theka loyamba, lothera pa L, n'kutenga linalo. Sindinawatsanzike, ndipo ndinakana kuwaperekeza kumsewu. Ndinkati munthu wokonda mawu chotero sangapirire ndi theka la buku, abwera basi.

Chaka ndi chaka, fodya akayamba kuthyoledwa, ndinkatchera khutu ku belu la njinga iliyonse yochokera kumalire. Sanabwere. Uthenga wa maliro awo unandipeza ndili ku sekondale, ataikidwa kale.

Lero ndimaphunzitsa Chingerezi, ndipo madikishonale athunthu ali mbwee pashelefu. Koma atate ndimawasowabe, makamaka ndikamva fungo la fodya wouma. Ndinazindikira mochedwa kuti chokoka mwamakani sichitsala chathunthu, ndi kuti tsiku lija ndikanasiya buku n'kugwira dzanja lawo mpaka kumsewu. Theka langa ndikadali nalo. Liwu lija mulibemo, atate anapita nalo kutsidya.