Galimoto Yopanda Kilachi

Mboni zanga ndi zitatu: a Nabanda amene ankagulitsa zitumbuwa pamsika wa Chezi, aphunzitsi athu a Kalonga, ndi ng'ombe yapangolo ya aphunzitsiwo yotchedwa Bulaki. Onse anatisiya, koma ali moyo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsutsapo zimene ndikunenazi.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, m'masiku a atsamunda, pamene abambo anga ankayendetsa mzungu wina wogula fodya. Galimoto yake inali yachilendo. Inalibe kilachi, magiya inkasintha yokha, ndipo inkayenda mwakachetechete moti inadutsa pamwamba pa galu wogona mumsewu, galuyo n'kudzamva kwa anzake mawa lake. Ndikulumbira.

Kufatsa kumeneko ndiko kunkandichititsa manyazi. Malole a fodya ankabangula pokwera zitunda za Dowa, madalaivala ake akulimbana ndi giya, thukuta lili kamukamu. Anzanga kusukulu ankati abambo anga si dalaivala ayi, ndi katundu chabe amene galimoto imanyamula kutsogolo.

Tsiku lina la msika mzungu anapita wapansi ndi alimi kukaona zigafa kuseri kwa phiri. Ine ndinafika pawindo la galimoto imene anaisiya pamsika, anzanga ali pambuyo panga, n'kuwachonderera abambo kuti aibangulitse. Anaponda moto osalowetsa giya. Anzangawo anaseka, amvekere zimenezo ngakhale khanda lingathe, dalaivala weniweni amakumbitsa matayala pansi. Abambo anati galimoto iyi siifuna masewera otero. Ndinayamba kulira pamaso pa msika wonse.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso anyamata aja. Kenaka analowetsa giya, phazi lamanzere pabuleki, lamanja pamoto.

Galimoto inanjenjemera ngati yagwidwa malungo, ikufuna kupita koma yomangidwa. Matayala akumbuyo anakumba, fumbi linakafika ku Ntchisi, kumene azimayi anaanula ufa poganiza kuti kukubwera mvula. Izinso n'zoona. Anzanga anapempha kuti abwereze, ine ndiye ndinapempha mokweza kuposa onse, ndipo anabwereza mpaka kunayamba kumveka fungo ngati la mtedza woiwalika pachiwaya.

Pobwerera, mzungu ali kumpando wakumbuyo, galimoto inafika pachitunda choyamba. Injini inkalira bwinobwino koma matayala osamva. Inaima, n'kuyamba kubwerera chammbuyo mwaulemu. Anaikoka ndi Bulaki ndi mnzake, msika wonse ukuperekeza.

Makaniko amene anabwera kuchokera ku Lilongwe ananunkhiza oyilo wa m'giyabokosi, wakuda bii. Anafotokoza kuti mphamvu ya injini ikaletsedwa kupita kumatayala imathera mu oyiloyo, oyiloyo amawira, n'kupsereza zam'kati zimene zimagwira magiya. Anafunsa ngati wina anapondapo mapazi onse awiri nthawi imodzi. Abambo anavomera. Dzina langa sanalitchule. Anabweza chipewa cha ntchito tsiku lomwelo, n'kubwerera kumunda.

Ndinadikira mkwapulo, koma sunabwere. Dzinja litafika, tikupita kukapalira, abambo anandifunsa ali patsogolo, osacheuka.

"Anzako aja, tsopano akuti ndine dalaivala?"

"Akutero, abambo."

"Chabwino. Yamba mzere uwo."

Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti abambo sankadziwa zimene mapazi awiri amachita ku galimoto yotere. Nditakula n'kukhala ndi ana anga ndinasiya kudzinamiza. Anali atandiuza pawindo paja kuti siifuna masewera. Anaponda akudziwa, chifukwa mwana wawo ankalira pagulu.