Dzina Lake pa Pulano ya Pamwamba

Mkazi wanga ndiye adapeza kampani ija yoonetsa mafilimu pa intaneti. Siinali imodzi mwa zikuluzikulu zimene aliyense amazidziwa. Inkaonetsa mafilimu akale ndi ena a kumayiko akutali, oyenda pang'onopang'ono, oti munthu amasenda mbatata mphindi zisanu osalankhula. Ine ndinkasinza. Iye ankandigwedeza phewa: "A pulofesolo, dzukani, pafika pabwino."

Mapulano anali awiri. Ya pansi inkalola foni imodzi ndi dzina limodzi. Ya pamwamba inkalola mafoni awiri, aliyense dzina lake ndi mndandanda wake, komanso kusunga filimu m'foni kuti uonere popanda rede, netiweki ija. Kuno ku Furancungo, kumene ndimaphunzitsa, rede siidalirika, choncho tidasankha ya pamwamba. Konta, akaunti yolowera, adaitsegula pa nambala yake, wolipira mwezi ndi mwezi ndinali ine. Mafilimu ankawakopera ali pabenchi ya kuchipatala kumene ankagwira ntchito, poti mpamene rede inkagwira bwino.

Adamwalira mvula itangoyamba, titakhala m'banja zaka zitatu. Za matendawo sindilemba.

Tidakamuika kwawo ku Ntengo-Wambalame. Patapita mwezi, abale ake adandiitana kuti tikagawe katundu wake monga mwa mwambo. Ndidamanga zonse m'matumba awiri n'kukwera shapa, minibasi ya kuno. Malume ake adakhala pamphasa, chinthu chilichonse ankachikweza m'mwamba n'kutchula wolandira. Makapulana, zitenje zake zija, adapita kwa amayi ake, nsapato zoyera za kuntchito kwa msuweni wake. Foni idapita kwa mng'ono wake, mlamu wanga, amene amalima mbatata ndi nyemba komweko.

"Chilipo chatsala kunyumba, akamwini?" adafunsa malumewo.

"Palibe," ndidatero. Sindidaname dala. Konta sindinkaiona ngati katundu.

Nditabwerera, ndikaweruka kusukulu ndinkatsegula dzina lake pa foni yanga. Sindinkaonera kanthu. Ndinkangoyang'ana mndandanda: amene adamaliza, amene adasunga kuti adzaonere, ndi imodzi imene adaisiyira pakati, kamzere kofiira kataima patsogolo pang'ono pa theka. Ndinkasamala chala kuti chisaikhudze. Pulano ya pansi ikadandikwanira, munthu mmodzi, koma ikadafufuta dzina limodzi pamodzi ndi kamzere kaja. Ndidapitiriza ya pamwamba.

Loweruka lina masana, nditachapa, ndidapeza kamzere kafika kumapeto. Filimu idaoneredwa yonse. Pansi pake panali ina, yoyambidwa kumene. Ndidakhala pakhonde, manja akali onyowa, ndipo kwa kanthawi ndidaganiza zinthu zimene sindingauze ana anga a sukulu. Kenako ndidakumbukira kumene foni idapita, ndipo ndidamuimbira mlamu wanga.

"Alamu, mwaonera filimu pa foni ija?"

"Ee, alamu! Koma mafilimu a mana, iii!" Ndi mmene ankamutchulira mkulu wake, mkazi wanga. "Munthu kungoyenda m'munda, kuyenda, kuyenda. Ine kudikira kuti mwina amenyana ndi wina. Palibe! Inu munkapirira bwanji?"

"Ndinkagona."

Adaseka mpaka kutsokomola. "Ankatiuza! Ankati anakwatiwa ndi pulofesolo wa tulo."

"Mudalowa pa dzina lake," ndidatero.

"Nanga ndikadalowa pa lanu? Foni si adandipatsa ine amalume?" Ndinkamva mphepo m'foni. "Ndalakwitsa, alamu?"

Ndinkafuna kunena kuti inde. Ndinkafuna kumuuza kuti pomwe filimu ija idaimira ndi pomwe mkazi wanga adaika foni pansi tsiku lomaliza limene anali bwino, ndipo sindingapapezenso. Koma iye adapitiriza.

"Ndimachita kukwera pachulu cha kumunda kuti rede igwire. Ndikamaonera ndimati apa mana akadaseka, apa akadandinena kuti ndine mbuli. M'nyumba amayi safuna kuti ndizitchula mana, amayamba kulira. Ndiye ndimabwera kuno."

"Muli pachulu panopa?"

"Nanga mukadandipeza bwanji?"

Ndidamuuza kuti ayang'ane kamuvi koloza pansi, pambali pa filimu iliyonse. Akakadina, filimu isungika m'foni, ndipo atha kukaonera kukhitchini kapena kulikonse. Adayesa, adalephera, adayesanso.

"Yayamba kudzaza! Alamu, zimenezi n'zaulere?"

"Zili mu pulano. Muzionera."

"Muzimalizako imodzi inunso, tidzakambirane. Osagona."

Nditadula foni ndidayanika zovala zotsala. Kuyambira tsiku limenelo sindidatsegulenso dzina la mkazi wanga. Mndandanda uli pamenepo tsopano ndi wa mlamu wanga.

Madzulo ake ndidadina dzina langa, koyamba chitsegulire konta ija, popeza nthawi zonse tinkaonera pa lake. Munalibe filimu ndi imodzi yomwe. Padatuluka zithunzi zambiri ndi funso la Chipwitikizi, loti ndisankhe mafilimu amene ndimakonda kuti andipezere ena ofanana nawo. Ndidaziyendetsa zithunzizo mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba. Sindidasankhe.